Chifukwa chake pamwamba pa dzuwa pamatentha kuposa pankhope pake

Achemwali, funso la mwana wanuyo si lachibwana ayi. Mwati aphunzitsi ake anena kuti pankhope ya dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma mpweya wa pamwamba pake umapyola madigiri 1 miliyoni, ndiye iye wakanitsitsa, akuti munthu akamatalikira mbaula amamva kuzizira. Mwafunsanso ngati kuphulika kwa padzuwa ndi kumene kwatiwotcha chonchi kuno ku Mangochi mwezi uno wa Okutobala. Aphunzitsiwo sananame, mwananso sanalakwe kudabwa. Nkhaniyi yakhala ikuimitsa mitu akatswiri kuchokera mu 1942, pamene Bengt Edlén wa ku Sweden anatsimikiza kuti kuwala kwina kwa pamwamba pa dzuwa kumachokera ku chitsulo chimene chatentha koopsa chotero.

Dzuwa lilibe nthaka, lonse ndi mpweya wotentha. Mukakwera makilomita 500 kuchoka pankhope yowalayo, kutentha kumatsikadi kufika cha m'ma 4,000. Mpaka apa mbaula ya mwana wanu ikugwira ntchito. Kenaka zinthu zimatembenuka. Mu chigawo chotchedwa chromosphere, chochindikala makilomita pafupifupi 2,000, kutentha kumayambanso kukwera mpaka kupyola 10,000, ndipo pamwamba pake kumalumpha mwadzidzidzi kulowa mu corona (osati matenda aja), mmene muli mamiliyoni aja.

Chromosphere sitiiona chifukwa kuwala kwa pansi pake kumaiphimba. Amene munali akuluakulu pa 21 Juni 2001 mukukumbuka kadamsana wa masana aja. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango ku Mpondasi, ndikuona timadontho ta kuwala todutsa m'masamba titasanduka timiyezi tating'onoting'ono pamchenga, nkhuku zikuyamba kulondola kukhola. Kuno mwezi sunatseke dzuwa lonse. Ku Lusaka unatseka, ndipo kwa masekondi ochepa anthu anaona kamzere kofiira m'mphepete mwa mwezi. Kamzere kameneko ndiye chromosphere. Kufiirako ndi kwa mpweya wa haidirojeni, ndipo dzinalo analipereka ndi Norman Lockyer wa ku England mu 1868, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mtundu wa maonekedwe, monga kufiira kapena kubiriwira. Chaka chomwecho m'kuwala kwa m'mphepete mwa dzuwa munapezeka chizindikiro cha helium, mpweya umene pansi pano anadzaupeza mu 1895.

Mwanayo mumuuze kaye izi. Mukamakupiza makala, timoto tothetheka timakugwerani pamkono. Kamoto kamodzi n'kotentha kuposa madzi owira kutalitali, koma kamangokutsinani basi, pomwe kapu ya madzi owira ingakusupuleni khungu. Mpweya wa kumwamba kwa dzuwa ndi wopyapyala zedi, choncho safunika moto wochuluka kuti madigiri ake akwere. Chofunika ndi njira yoti mphamvu yochepayo ifikire kumeneko, ndipo njirayo si kuwotha ngati pambaula.

Pansi pa nkhope ya dzuwa pamabwata ngati phala la mgaiwa mumphika. Thovu limodzi limatambalala makilomita pafupifupi 1,000, kuposa mtunda wolunjika wochoka ku Chitipa kufika ku Nsanje, ndipo limatha pa mphindi khumi zokha lina n'kutumphuka. Kubwatako kumatumiza mafunde a phokoso m'mwamba. Taganizani za chikwapu cha woyendetsa ngolo: dzanja limangogwedeza pang'ono kumtengo, koma funde likafika kunsonga yopyapyala limathamanga mpaka kulira kuti thwa! Mafunde a padzuwa nawo akafika mu mpweya wopyapyala amasweka, mphamvu yawo n'kusanduka kutentha. Izi zimathandiza kumunsi kwa chromosphere, koma pazokha sizikwanira.

Mwini nkhani ndi maginito. Mpweya wa padzuwa uli ndi magetsi, ndipo ukamayenda umapanga mphamvu ya maginito imene imatuluka pankhopepo ngati zingwe zosaoneka, mizu yake itazikika muphala lobwata lija. Munaonapo asodzi akukoka khoka ku Makawa? Mmodzi akagwedeza chingwe kumtunda, funde limayenda m'chingwemo kukafika kumadzi, iye osasuntha phazi. Zingwe za maginito zimanyamula mphamvu chimodzimodzi. Amene anazindikira mafunde amenewa mu 1942 ndi Hannes Alfvén, wa ku Sweden nayenso, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1970.

Njira ina ndi ya kupota. Mizu ija ikamasunthasuntha, zingwe zimapotana ngati chingwe cha khonje chimene wachipota mopyola, mpaka zimaduka n'kulumikizana mwina, mphamvu yonse n'kutayikira pomwepo. Eugene Parker wa ku America anati mu 1988 kuphulika kwakung'onokung'ono kotere, kosawerengeka, kungakwanitse kutenthetsa corona. Mukaona zithunzi za chromosphere mudzaona ngati tchire likupsa: malilime a mpweya otchedwa spicules, amene wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, anawafotokoza mu 1877, amafwamphuka makilomita 20 kapena kuposa pa sekondi imodzi, kukwera makilomita masauzande angapo, n'kuzimirira pasanathe mphindi khumi, ena n'kudzuka.

Akatswiri sakutsutsananso zoti ndi maginito. Mkangano watsala pa kugawa: mafunde akupereka zingati, kuduka kwa zingwe kukupereka zingati. Ine ndimaona ngati onse akulondola, kungoti aliyense akuyang'ana malo osiyana a dzuwa. N'chifukwa chake NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, linatumiza chombo cha IRIS mu 2013 kuti chizijambula chromosphere, ndi china chotchedwa Parker Solar Probe mu 2018, chimene pa 24 Disembala 2024 chinadutsa makilomita 6.1 miliyoni okha kuchoka padzuwa. Ife tili pa makilomita 150 miliyoni.

Za kutentha kwa kuno, ayi, musalinamizire dzuwa kuti laphulika. Maginito ake amalusa ndi kufatsa pa zaka 11 zilizonse, koma kutentha konse kumene limatitumizira kumasintha ndi gawo limodzi lokha pa magawo 1,000. Likaphulika kwambiri zimene zimavutika ndi mawailesi, GPS ndi nthambo za magetsi: mu Marichi 1989 ku Quebec ku Canada magetsi anazima maola 9, ndipo mu Meyi 2024 anthu a ku South Africa anaona kumwamba kutafiira usiku. Ife chikutiwotcha n'chakuti kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, mitambo kulibe, nthaka yauma, mwera unaleka kalekale, komanso tili m'chigwa, mamita osakwana 500 kuchoka pamlingo wa nyanja yamchere. Kwerani ku Namwera mukamve kusiyana kwake, dzuwa lili lomwelo.

Mwanayo asayerekeze kuyang'ana dzuwa kuti aone kamzere kofiirako, ngakhale ndi magalasi akuda a pamsika kapena botolo lodetsedwa ndi utsi. Diso limapsa mkati popanda kumva kuwawa. Mumupatse chingwe choyanikira zovala, amange nsonga imodzi pamtengo, agwedeze inayo aone funde likuyenda, kenaka achipote mpaka chipindike chokha. Akatero abwere andiuze zimene waona.