Yankho langa kwa achimwene pa za mwana wofuna uinjiniya

Eee achimwene mwaswera bwanji, voisi yanu ija ndinaimva m'mawa koma ndinali pa ntchito ndiye ndati ndiyankhe pano mtima uli m'malo, kulemba ayi zala zingatope, ndingolankhula basi. Ena nonse muli mugulumu mumvere nawo chifukwa ana tili nawo tonse.

Ndiye mwati mtsikana wanu akuti akufuna uinjiniya wa zamagetsi, makope ake onse kumbuyo adzaza zojambula, ndiye inu mukufuna mumuuze asiye fiziki aziganiza za unamwino kapena uphunzitsi poti ndi njira zodziwika kwa mwana wamkazi, zojambulazo asiyiretu akutaya nazo nthawi. Mwafunsa kuti azakhali ake ndikuona bwanji. Chabwino, koma musakwiye ndi yankho langa, mwafunsa nokha.

Ndiyambe ndi zanga. Mukukumbuka ndili fomu 3 ndinabwera kunyumba ndikudandaula kuti mu labu aphunzitsi amapereka mawaya ndi mabatire kwa anyamata okha, ife atsikana ntchito yathu inali kulemba zimene anyamata apeza, akuti tingaononge zida? Munaseka nonse, inunso achimwene munaseka, munati aaa nanga iwe mawaya ukatani nawo. Teremu yotsatira fiziki ndinaisiya. Sikuti ndinkalephera ayi, ndinkakhoza bwinobwino, kungoti ndinaona kuti pamenepo palibe amene akundiyembekezera. Lero ndimayeza magazi mu labu, inde, koma ndinachita kuzungulira zaka zambirimbiri kuti ndibwerere pamene ndinali kale. Ndiye mwana akakuuzani kuti ndikufuna chakuti, nkhope imene mupange nthawi yomweyoyo ndi imene amaisunga, osati malangizo aatali amene mumupatse mawa lake.

Unamwino ndi ntchito yabwino, ndimagwira nawo ntchito anamwino tsiku ndi tsiku ndipo ndimawapatsa ulemu, komanso musaiwale kuti nawonso umafuna sayansi yomweyo imene mukuti aisiye. Koma akapite chifukwa waufuna yekha, osati poti ife taopa.

Ndikuuzeni chinthu china chimene ndimachiona kuchipatala. Kachipangizo kaja timakapanitsa ku chala poyeza okosijeni m'magazi, kamagwira ntchito ndi kuwala, kamawalitsa kudutsa chala nkuwerenga. Mu 2020 madokotala a pa University of Michigan anapeza kuti pa odwala akhungu lakuda kamatha kuonetsa kuti mpweya uli bwino pamene uli wotsika, ndipo zimenezi zimachitika pafupifupi katatu kuposa pa azungu. Tangoganizani, munthu akubanika koma makina akuti ali bwino. Palinso mtsikana wina Joy Buolamwini, makolo ake ndi a ku Ghana, ali pa sukulu ku yunivesite ya MIT ku America anaona kuti pulogalamu yozindikira nkhope sikumuona, mpaka anachita kuvala chigoba choyera kumaso ndiye kompyuta nkuvomera kuti eya apa pali munthu. Anazifufuza, mu 2018 nkutulutsa zoti mapulogalamu ena akamanena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi, pa akazi akuda amaphonya mpaka 34 pa 100 aliwonse, pamene pa amuna achizungu osafika ndi 1 yemwe. Sikuti opangawo anali ndi nkhanza, kungoti zithunzi zimene anaphunzitsira makinawo zambiri zinali za anthu ofanana ndi iwo eni, ndipo m'chipinda chimene amapangiramo makinawo munalibe munthu wooneka ngati mwana wanuyo woti nkunena kuti dikirani kaye, tayesani pa ine. A UNESCO amati pa anthu ochita kafukufuku padziko lonse akazi ndi pafupifupi mmodzi pa atatu, ndipo ku uinjiniya ndi makompyuta ndiye amachepa kuposa pamenepo. Ndiye mwana akuti ndikufuna ndikalowe m'chipindamo, ife tiime pakhomo?

Za zojambula ndiye mundilole ndikusekeni pang'ono, inunso munandiseka. Ku Spain kunali mnyamata dzina lake Santiago Ramón y Cajal, amangojambula paliponse, bambo ake anali dokotala ndipo zimawanyansa koopsa, mpaka anakamusiya kwa ometa tsitsi kenako kwa osoka nsapato kuti mwina mutu ukhazikika. Sizinathandize. Kenako bambowo anasintha nzeru, anayamba kumupatsa mafupa kuti azijambula. Mnyamata uja anadzakhala dokotala, nkumayang'ana ubongo pa maikulosikopu nkumajambula ndi dzanja maselo ake mmene alili, ndi iyeyo anaonetsa kuti ubongo unapangidwa ndi maselo osiyanasiyana oyandikana osati ukonde umodzi wolumikizana, mu 1906 anamupatsa mphoto ya Nobel, ndipo zojambula zakezo mpaka lero zimapezeka m'mabuku. Chimene bambo ake amati nchotayitsa nthawi ndi chimene chinamuphunzitsa kuyang'anitsitsa. Mae Jemison nayenso, mkazi wakuda woyamba kupita mlengalenga mu 1992, anali injiniya, anali dokotala, komanso anali wovina, sanasiye chimodzi kuti chinzake chiyende. Injiniya chilichonse amayamba wachijambula kaye, mlatho, nyumba, njira za mawaya, ndiye diso limenelo musaliphe.

Ndipo ngakhale atadzati ine sayansi ayi ndikufuna zojambula zokhazokha, sindinama, ndalama yake simabwera mwezi ndi mwezi ngati ya pa ofesi makamaka poyamba, pamenepo nkhawa yanu ndikuimvetsa. Koma zithunzi za m'mabuku a ana, makatuni, mapulani a nyumba, ngakhale timabatani ta mu foni yanuyo, alipo munthu anakhala pansi nkujambula ndipo analipidwa. Panopa asasankhe kaye, akadali wamng'ono, atenge zonse ziwiri.

Mwatinso masamu teremu yathayi sanakhoze bwino ndiye mwina mutu wake si wa zimenezi. Iii achimwene teremu imodzi? Mnyamata akalephera masamu timati sanawerenge, alimbikire, mtsikana akalephera timati si zake. Maryam Mirzakhani wa ku Iran ali mwana maloto ake anali odzalemba mabuku, za masamu sankaziganizira, koma mu 2014 anakhala mkazi woyamba kulandira Fields Medal, mphoto yaikulu ya akatswiri a masamu. Mumufunse kaye mwanayo kuti chikumuvuta ndi chani penipeni, nthawi zambiri pamakhala mutu umodzi umene anaphonya m'mbuyomu, kaya mafulakishoni kaya aljebura, ndiye zonse zobwera pamwamba pake zimagwedera. Zimenezo zimakonzeka. Komanso tiyeni tinene zoona, madzulo mchimwene wake akakhala pa tebulo ndi buku iye amakhala ali kuti? Ntchito zapakhomo agawane onse, maola owerengera afanane, kenako ndiye tifananize malipoti awo.

Zoti mungachite sizofuna ndalama zambiri. Wailesi yakufa ija, tochi yakufa, mumupatse ndi sikuludilaiva aphwasule aone mkati, akalephera kubwezeretsa musamukalipire, inali yakufa kale. Koma za mabatire zokha chonde, za pa soketi asakhudze, ndikunenetsa pamenepo. William Kamkwamba anali ndi zaka 14, sukulu atasiya chifukwa cha fizi, anangoona chithunzi m'buku la mu laibulale nkupanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi njinga yakale, anthu amati wapenga, koma mu 2014 anamaliza digiri ku yunivesite ya Dartmouth ku America. Foni yanunso mukamubwereka pali Khan Academy, masamu ndi sayansi zaulere, pali Scratch ya ku MIT yophunzirira kupanga mapulogalamu ndipo yomweyo amajambulamo tianthu nkumatiyendetsa, iyeyo angaikonde zedi. Koma choposa zonsezi, mumupezere mkazi mmodzi amene akugwira ntchito ya zamagetsi, kaya ndi injiniya kaya ndi amene amaika mawaya m'nyumba kapena masola, acheze naye ngakhale ola limodzi, amufunse kuti munadutsa kuti, munalephera kangati. Mayina ndatchulawa ndi akutali, mwana amakhulupirira kwambiri munthu amene wamuona ndi maso atavala ovolo.

Alamu inunso ndikudziwa mukumvera, mnyamata wanu uja amene maso akumuvuta, musamuchotseretu ku sayansi poti bolodi sakuliona. Wanda Díaz-Merced wa ku Puerto Rico anasiya kuona ali pa yunivesite koma ndi katswiri wa za nyenyezi, zimene makina ajambula mlengalenga amazisandutsa mawu nkumamvetsera ndi khutu. Mukawauze aphunzitsi amukhazike kutsogolo komanso azinena mokweza zimene akulemba, tidzakambirana patokha imeneyo.

Voisi yatalika iyi, eee mphindi zingati kaya. Achimwene, fomu yosankhira maphunziro ija musasaine kaye. Loweruka madzulo ndimuimbira, mumupatse foni mutuluke panja ticheze awiri, inu mukakhalapo azingoti eya eya. Kachipangizo koyezera mabatire ndili nako kuno kakungokhala mu dirowa, ndimutumizira. Ndipo mundijambulire masamba awiri kapena atatu a kumbuyo kwa kope lakelo munditumizire, koma mumupemphe kaye, musatsegule chikwama chake iye kulibe.