Funsani Amakaniko: Petulo, Rediyeta ndi Kulira kwa Mwendo wa Kutsogolo

FUNSO: Sienta yanga ya injini ya 1.5 yayamba kumwa petulo modabwitsa. Kale malita 20 ankandikwanira sabata yonse, koma pano pofika Lachinayi kanyale ka petulo kayaka. Anzanga akuti ndigule injini ina. Nditani? Ndine bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, injiniyo isiyeni kaye. Yambani mwayeza, chifukwa muvi wa geji sunena zoona zonse. Dzazitsani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani kowerengera makilomita a ulendo pa 0, yendani masiku angapo, kenako mudzazitsenso. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa kachiwiriko. Mukayenda makilomita 330 n'kulowa malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 11. Kwa Sienta ya m'tauni, 10 mpaka 12 si zodandaulitsa. Ikatsika kufika 7 kapena 8, pali vuto.

Yambirani pa zotchipa. Mpweya wa m'matayala uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mulingo wake walembedwa pa kapepala kamene kali pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Mukayenda pang'ono, yandikizani dzanja pa malimu onse anayi. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki yagwira ndipo injini ikukoka katundu wosaoneka. Fyuluta ya mpweya iyang'anitseni ku dzuwa: kuwala kukapanda kudutsa, gulani ina. Kuipopera mpweya wamphamvu kumaboola pepala lake, fumbi n'kumalowa mu injini. Mapulagi wamba asinthidwe pa makilomita 20,000 mpaka 30,000, pomwe a iridium enieni amatha kufika 100,000.

Koma chimene timachipeza kawirikawiri ndi thermostat yochotsedwa. Amakaniko ambiri amaichotsa ponena kuti ndi ya ku Japan kozizira, kuno sifunika. Uku n'kulakwitsa kwakukulu. Kachipangizo kameneka kamatsekera madzi mu injini mpaka atenthe kufika madigiri pafupifupi 82. Kakachoka, injini imachedwa kutentha, kompyuta ya galimoto imaona ngati kudakali m'mawa, ndiye imangowonjezera petulo. Petulo wosapsa bwinoyo amadetsa mapulagi, amasungunula oyilo, mapeto ake amaononga oxygen sensor, kachipangizo koyeza mpweya wa mu utsi wa injini. Ngati kanyale kosonyeza kuti injini ndi yozizira kakuchedwa kuzima, kapena kakuyakanso potsika mtunda wautali, funsani amene anagwirapo komaliza. Ngati kanyale ka injini kayaka, ikitsani galimoto pa kompyuta musanagule sipeya iliyonse.

Dziwaninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Mphamvu ya ethanol ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo, choncho musayembekezere manambala amene munawerenga pa intaneti poitanitsa galimotoyo. Ndipo pa mzere wa mafuta muzizimitsa injini, chifukwa ikangolira chiimire imatha theka la lita kapena kuposerapo pa ola.

FUNSO: Rediyeta ya Vitz yanga yang'aluka pamwamba, pa pulasitiki. Amata kawiri ndi guluu koma ikudonthabe. Ndimatitsenso kapena ndigule ina? Ndine mayi wa ku Mzuzu.

YANKHO: Mayi, guluu wakwana. Pulasitiki imeneyo yapsa ndi kutentha kwa zaka zambiri, yasanduka yofumbutuka, ndipo mkatimo madzi amakankha ndi mphamvu ya pafupifupi bar imodzi. Mukamata pano, mawa ing'alukira pambali pake. Ngati timapaipi ta aluminiyamu ta pakati tili bwino, akatswiri a marediyeta amatha kumasula timano tomwe tagwira thanki ya pamwambayo n'kuika ina ndi labala yatsopano. Timapaipito tikakhala totsekeka kapena todyeka, gulani rediyeta yathunthu. Ya kaunjika muiyese musanalipire: atseke mapaipi, apopere mpweya pang'ono, aimize m'madzi. Thovu likatuluka, isiyeni.

Sinthaninso chivundikiro, ndipo nambala yake, 0.9 kapena 1.1, ifanane ndi ya chakalecho. Za kuthira mazira, sopo kapena tsabola mu rediyeta musazimvere, zimatseka timapaipi. Madzi a pa mjigo amasiya miyala yoyera ndi dzimbiri. Thirani coolant, madzi apadera oziziritsa injini: yapinki ya Toyota imabwera yosakaniza kale, pomwe yofuna kusungunula isakanizidwe theka ndi theka ndi madzi oyeretsedwa ngati othira m'batire.

Tikukuchondererani, musakwere nayo mapiri a Chiweta ikudontha. Injini ikawira kamodzi kokha, silinda hedi ya aluminiyamu imatha kupindika, gasiketi n'kupsa, ndipo mtengo wokonzetsa umaposa wa rediyeta kangapo. Ikawira panjira, imani, zimitsani, ndipo chivundikiro musachitsegule mpaka izizire. Nthunzi yake imasupula khungu.

FUNSO: Ndikakhota kwambiri, kutsogolo kumamveka kuti tha-tha-tha. Makaniko akuti tingothira girizi n'kusintha labala. Zitheka? Ndine dalaivala wa takisi ku Limbe.

YANKHO: Achimwene, zikanatheka mwezi umene labalayo inang'ambika. Imeneyo ndi CV joint yakunja, chitsulo cholumikiza shafiti ndi tayala la kutsogolo, chokutidwa ndi labala yosunga girizi. Labala ikang'ambika girizi amatayika, mchenga ndi madzi zimalowa, timipira tachitsulo timakumba maenje m'njira zake. Kulirako ndi maenjewo, ndipo girizi sangawakwirire. Angochepetsa phokoso masiku ochepa. Joint imeneyo isinthidwe, chifukwa ikathyoka galimoto imaima pomwepo ngakhale injini ikulira, okwera ali mkati.

Popita kogula tengani yakaleyo. Werengani mano a kunja ndi a mkati, komanso mano a lingi ya ABS (chipangizo choletsa matayala kukhuluzika pogwira buleki) ngati ilipo, chifukwa akasiyana kanyale ka ABS sikazima. Athire girizi yense wakuda amene amabwera m'bokosimo, osati wachikasu wa mabering'i. Amange ndi malamba achitsulo, osati waya kapena mphira ya chubu, ndipo nati yaikulu ya pakati ikhomedwe kuti isamasuke.

Mbali inayo muione lero lomwe. Pindani chiwongolero mpaka mapeto, suzumirani kuseri kwa tayala. Mukaona girizi womwazika mkati mwa limu koma sikunayambe kulira, imeneyo ndiye yopulumutsa: aimasule, aitsuke bwinobwino, aike labala ndi girizi watsopano.