DT yoti "inali ya bungwe": kaiyang'aneni kumene payipi ya madzi sinafike

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Ntchisi. Mwachidule akuti: "Sukulu yathu ili kutali ndi tala, ndipo ndatopa ndi kabaza. Ndaona Yamaha DT 125 pa Facebook, ili ku Lilongwe. Mwini wake akuti inali ya bungwe, sinayende kwambiri, ndipo pachithunzi ikuoneka yatsopano. Ine za injini sindidziwa, ndalamanso ndi yangongole. Ndikakafika ndikayang'ane chiyani?"

Aphunzitsi, zikomo polemba. Mtundu wa njinga yamoto mwasankha bwino. Mvula ya Januwale ikasandutsa msewu phala, DT imadutsa pamene timidududu ta m'tauni tagona cham'mbali, ndipo masipeya ake sasowa, ngakhale makaniko wa pa tredingi senta amaidziwa. Koma mawu oti "inali ya bungwe" musawatenge ngati satifiketi. Pafupifupi aliyense wogulitsa DT, AG 200 kapena Honda XL amanena zomwezo, chifukwa ndi njinga zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera kwa zaka zambiri. Zina zinkasamalidwadi. Zina ankalandirana anthu asanu, aliyense akuti si yanga, kenaka zinagulitsidwa pa okushoni, dobadoba nkuzithira penti ndi masitika atsopano. Chikomekome cha nkuyu chija. Munthu akamagulitsa njinga amatsuka ndi kupukuta pamene maso afikira msanga. Inu ntchito yanu ndi kusuzumira kumene sopo sanafike.

Musananyamuke, muimbireni foni mumuuze kuti mukufuna kuipeza njingayo isanalizidwe tsiku limenelo. Mukafika, musanapereke ndi moni wachiwiri, gwirani injini ndi dzanja. Ikhale yozizira. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga. Njinga yanga yoyamba ndinaipeza ikulira kale pabwalo, mwini wake akumwetulira, akuti amaitenthetsa kuti ndisachedwe. Ndinayendapo, ndinalipira, ndinapita nayo kunyumba. M'mawa mwake ndinaponda kiki mpaka thukuta kamukamu, ana apafupi nkundikankha mpaka kumsewu. Injini yotha ikatentha imabisa matenda ake ambiri. Mukaipeza yofunda, khalani pansi mugule zakumwa, mudikire izizire, kapena mudzabwerenso mawa.

Pitani ndi tochi, kansalu koyera, sikuludiraiva, sipanala ya pulagi ndi masipanala ang'onoang'ono. Ngati pali makaniko amene mumamukhulupirira, mulipireni thiransipoti ndi ya tsiku mupite naye. Akhale wanu, osati amene wogulitsayo akuti "ndi m'bale wanga, amadziwa kwambiri".

Poyambira penipeni ndi pa fyuluta ya mpweya. Njinga za m'fumbi zambiri kuno kwathu sizifa ndi ngozi, zimafa ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, injini imapuma fumbi lokhalokha, ndipo chimene chimaiteteza ndi kasiponji kamodzi kamene kamayenera kutsukidwa ndi kunyowetsedwa ndi oilo kawirikawiri. Anthu ambiri sakakhudza chaka chonse. Ena kakang'ambika amangokachotsa, ena amaikapo chidutswa cha matiresi. Tsegulani chivundikiro cha m'mbali, chotsani siponjiyo muione. Ikakhala youma, yofumbutuka kapena yong'ambika, mwayamba kale kudziwa mwini wake. Komabe siponji yatsopano isakunyengeni, imagulidwa dzulo lake. Lowetsani chala kuseri kwake, m'kapayipi ka labala kamene kamapita ku kabyuleta, mupukute m'kati. Kumeneko kumayenera kukhala koyera, mwina konyowa pang'ono ndi oilo. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira, kapena mukamva timchenga mukachitikita ndi chinzake, dziwani kuti mchenga womwewo wakhala ukudutsa m'injini, ukupala pisitoni, maring'i ndi mabering'i a m'kati ngati sandipepa. Malo amenewa palibe wogulitsa amene amakumbuka kutsuka. Ine ndikapeza mchenga pamenepo, mtengo umene ndimauwerengera m'mutu umakhala wa njinga kuphatikiza wokonzanso injini, ndipo kawirikawiri ndimangotsanzika.

Kenaka masulani pulagi. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Yakuda yonyowa ikuonetsa oilo wochuluka kapena moto wofooka. Yoyera mbuu ndiye yoopsa, injiniyo yakhala ikutentha mopitirira. Ikakhala yatsopano kwambiri, funsani kuti yakale ili kuti. Mukaibwezeretsa, kankhani kiki ndi dzanja pang'onopang'ono. Pamayenera kufika pamene ikukana, ngati mukupopa mpira wokhuta kale. Ikangotsika yokha mopanda kukana, mphamvu ya m'injini inathawa.

DT ili ndi mwayi umodzi umene njinga za mavalavu zilibe. Popeza ndi ya 2T, mtundu wa injini imene imawotcha oilo pamodzi ndi petulo, mukamasula ekizozi pamene yalumikizana ndi injini, mutha kuwalitsa tochi pabowopo nkuiona pisitoni ndi maso anu. Makaniko amachita zimenezi mphindi zochepa. Pisitoni ikhale yosalala. Mizere yozama yochokera pamwamba kupita pansi ikutanthauza kuti inagwirapo chifukwa cha kutentha kapena kusowa oilo. Wogulitsa wokana kuti mumasule timanati timeneti, pamene mwalonjeza kubwezeretsa, wakuyankhani kale. Mufunseninso ngati buloko, chitsulo chimene pisitoni imayendamo, inaboledwapo kuti mulowe pisitoni yokulirapo, ndipo kangati. Pisitoni ya DT 125 imayambira pa mamilimita 56, ndipo zokulirapo zimakwera pang'onopang'ono, 0.25, 0.50, mpaka 1.00. Yoboledwa kamodzi ndi munthu waluso si vuto. Imene yafika kumapeto, ikadzathanso mudzafunika buloko ina kapena kuikamo silivu, kapayipi kachitsulo katsopano m'kati mwake.

Nkhani ya oilo wa 2T njofunika kuimvetsa bwino chifukwa ndi pamene DT zambiri zimaonongekera. Njingayi ili ndi kathanki kake ka oilo ndi kapampu kamene a Yamaha amakatcha Autolube, kamene anayamba kuika pa njinga zawo m'zaka za m'ma 1960. Kapampuko kamathira kokha oilo m'injini molingana ndi mmene mwakokera moto. Eni njinga ambiri amakadula nkumasakaniza oilo ndi petulo m'thanki. Kutero pakokha si tchimo, ngati munthu akuyeza bwino. Vuto ndi loti ambiri amayeza ndi maso, ena amathira oilo wagalimoto, ena tsiku lina amaiwala. Suzumirani m'kathankiko, onani ngati timapayipi take tili m'malo, ndipo funsani mwini wake kuti amathira oilo wanji, wochuluka bwanji pa lita. Mmene ayankhire muona nokha ngati njingayo ankaidziwa kapena wangoigwira sabata ino. Oilo wa m'magiya ndi wina, muoneninso. Akaoneka ngati mkaka, munalowa madzi, mwina powoloka mtsinje. Akamanyezimira tizitsulo pakansalu kanu, m'katimo muli chimene chikudyeka.

Tsopano ilizeni. Yabwino ikatsekedwa choki imalira pa kiki yachiwiri kapena yachitatu. Utsi wa buluu pang'ono pa DT ndi chikhalidwe chake, musaope, makamaka isanatenthe. Umene muuope ndi utsi wochindikala wosatha ngakhale mutayenda, wonunkha mosiyana, chifukwa nthawi zambiri umatanthauza kuti silo, kalabala kotsekera oilo, ya pa kirankishafuti ikukoka oilo wa m'magiya. Mukokenso moto nkusiya. Injini itsike msanga nkukhazikika. Ikamachedwa kutsika kapena kukwera yokha, ikukoka mpweya pena pake, ndipo injini ya 2T yotero simachedwa kupsa. Mvetserani ndi khutu pafupi. Kaphokoso kopepuka ka "tsetsetse" DT zambiri zili nako. Kugogoda kolemera kochokera pansi, ngati wina akusinja mumtondo patali, ndi mabering'i kapena koniroodi, ndipo kukonza kwake nkugawa injini pakati. Mukadzasintha maganizo nkuyang'ana AG 200 kapena XL, lamulo la utsi limatembenuka: zimenezo ndi za mavalavu, siziyenera kufuka buluu nkomwe.

Za makilomita ochepa zija, ndikupepeseni, sindiziwerengera. Wotchi yowerenga makilomita ya njinga imeneyi imayendetsedwa ndi kawaya kochokera ku tayala lakutsogolo. Kakaduka, kapena wina akakamasula, nambala imaima pomwepo zaka zitatu njinga ikuyenda. Onani m'malo mwake popondera mapazi, chopondera buleki ndi chosinthira magiya. Zitsulo zimenezi zikasalala mpaka kunyezimira, njingayo yayenda. Matayala nawo ali ndi deti: pambali pamakhala manambala anayi, mwachitsanzo 2319, kutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019.

Felemu muiyang'ane ndi tochi, mogwada, musachite manyazi ndi thalauzi. Pakhosi pamene mahandulo amazungulira, pansi pa injini, pamene pamangidwa zopondera mapazi, ndi kumbuyo pansi pa mpando. Kumbuyoku kumathyoka kawirikawiri chifukwa kwathu kuno njinga imasenza matumba a chimanga, feteleza, mbuzi ndi apongozi. Powotcherera kumbuyo, ngati anawotcha bwino, ndimatha kukhululuka. Pakhosi ayi. Penti watsopano pamalo amodzi okha nayenso muzimufunsa mafunso. Pansi pa khosipo pali tizitsulo timene timaimitsa mahandulo kuti asagunde thanki. Tikakhala topindika kapena tothyoka, njingayo inagwa mwamphamvu. Imani kumbuyo patali pang'ono muone ngati matayala awiri ali pamzere umodzi.

Zotsatirazi nzachangu. Ikwezeni pa chitsa kapena pa kireti kuti matayala alendewere. Gwedezani tayala lililonse cham'mbali, lisamagwedere. Tembenuzani mahandulo uku ndi uku, asamakodwe pakati. Pukutani mafoloko akutsogolo, muwapondereze kangapo, muone ngati akusiya mphete ya oilo, ndipo ngati zitsulo zonyezimirazo zili ndi timaenje ta dzimbiri dziwani kuti silo iliyonse yatsopano idzadulidwa. Menyani masipoko ndi sipanala: olimba amalira "ngwee", omasuka amangoti "phu". Kokani tcheni kumbuyo kwa siporoketi, ikatukuka mpaka kuonetsa theka la dzino yatha, ndipo mano akapindika ngati mbedza muzigula zonse pamodzi. Zonsezi ndi zokambirana pamtengo, si zothawira. Ziwerengeni, funsani mitengo yake m'mashopu tsiku lomwelo, muchotsere. Chimodzi chokha pamenepa nchachikulu: chotsani chivundikiro cha siporoketi yaing'ono yakutsogolo muone khoma la injini kuseri kwake. Tcheni ikaduka njinga ili paliwiro imamenya pamenepo nkung'amba, ndipo anthu amamata ndi guluu wa zitsulo nkupakapo matope ndi girisi.

Poyesa kuyenda musangozungulira pabwalo. Pezani chitunda. Lowetsani magiya onse, kukwera ndi kutsika, ndipo pa giya iliyonse kokani moto mwamphamvu. Giya yothawa yokha ndi vuto la m'kati, lodula. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, ndi kilatchi, imeneyo njotchipa. Pamsewu wosalala, mukuyenda pang'onopang'ono, fewetsani manja muone ngati ikukokera mbali imodzi. Mukabwerera izimitseni, muilizenso ili yotentha, kenaka suzumirani pansi ngati yayamba kudontha.

Pali njinga zina zimene mungazione pa Facebook pomwepo, zochokera ku South Africa, monga Yamaha YZ kapena KTM, zooneka bwino kuposa DT. Zambiri mwa izo ndi zampikisano, zilibe magetsi kapena poika nambala, ndipo injini zake zimafuna kutsegulidwa pakapita maola owerengeka. Si zopitira kusukulu.

Mapepala ndawasiya kumapeto, koma inu mukawafunse pafoni musanakwere basi. Pakhale buluubuku, osati fotokope. Nambala ya felemu imadindidwa pakhosi paja, ya injini ili pa injini penipeni. Pukutani, werengani chilembo chimodzichimodzi, mufananize ndi zimene zili m'buku. Manambala akhale ofanana kukula ndi kuzama, pamzere woongoka. Pakaoneka popalidwa ndi galayinda kapena podindidwa kawiri, chokanipo msanga. Njinga zamoto zimabedwa kwambiri, zina zimalowa m'dziko podutsa njira zachidule osalipira msonkho, ndipo apolisi akaigwira amaigwira m'manja mwa amene akuyendetsa, osati mwa amene anagulitsa. Ngati inalidi ya bungwe, payenera kukhala kalata yosonyeza kuti bungwelo linaigulitsa ndi kwa yani. Mabungwe ena amalowetsa njinga popanda msonkho, choncho funsaninso ngati za MRA zinatha pamene inkagulitsidwa. Dzina la m'buku lifanane ndi la pa chiphaso cha munthu amene mukumupatsa ndalama. Akati buku lili ndi abwana ake amene ali kunja, kapena lidzabwera mwezi wamawa, ndalama yanu ibwerere nanu ku Ntchisi.

Zonse zikakhala bwino, lemberanani kalata yogulitsana pamaso pa mboni ziwiri, yokhala ndi manambala onse aja, ndipo mupite naye limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini. Mupatseni gawo la ndalama poyamba, yotsalayo akailandire mukutuluka mu ofesimo. Pa ngongole yanuyo musiyeko ina ya inshuwalansi, helemeti, laisensi ngati mulibe, oilo wa m'magiya, pulagi ndi siponji yatsopano ya fyuluta, zimene muyenera kusintha sabata yoyamba ngakhale mwini wake atalumbira kuti anasintha dzana.