Pulojekiti yasiyidwa pa GitHub, ndingoitenga basi?

Funso: Zikomo akulu. Ine ndimapanga ma website kuno ku Ndirande, ndiye pa GitHub, malo osungirako code pa intaneti, pali ka library (code yolembedwa kale) kena ka chilankhulo cha Python komwe ndimadalira kwambiri koma mwini wake anasiya kukakhudza kalekale, ma issue (madandaulo a ogwiritsa ntchito) angoti mbwee osayankhidwa. Ndikufuna ndikatenge ndizikakonza ndekha, kodi sikuba kumeneko?
Wowerenga wa ku Ndirande

Yankho: Achimwene, kuba ayi, bola muone kaye laisensi. Ikakhala MIT kapena GPL, malaisensi olola anthu kukopera ndi kusintha, mutha kupanga fork (kope lanulanu la pulojekitiyo) lero lomwe, koma dzina la mwini wake ndi mawu a copyright musafufute, ndipo ya GPL-yo mukamagawira anthu zomwe mwasintha zikhalenso pa GPL.

Komatu munda wogonera uli ndi mwini wake. Yambani mwaodira, mulembereni email kapena tsegulani issue mwaulemu, osati zomufunsa kuti bwanji mwasiya ngati munamulemba ganyu, munthuyo ankagwira mwaulere ndipo mwina anadwala mwina ntchito inamuchulukira. Tumizani ma pull request (zokonza zanu zomupempha kuti azilowetse) awiri atatu aone dzanja lanu, kenako dikirani masabata angapo.

Akakukayikirani musakhumudwe. Mu 2024 mu xz Utils, pulogalamu yopanikizira mafayilo, munapezeka backdoor (khomo lobisika lolowera m'makompyuta a anthu) yomwe anaika munthu amene ankaoneka wothandiza mpaka anapatsidwa makiyi a pulojekitiyo, ndiye masiku ano anthu sapereka makiyi mwachisawawa.

Akangoti zii, pangani fork yanu, muipatse dzina lina, mulembe mu README, fayilo yofotokoza za pulojekitiyo, komwe yachokera. Dzina lakale pa PyPI, nkhokwe ya ma library a Python, lili ndi njira yake yopemphera, PEP 541, kungoti imafuna kudekha.