Kahatchi ka ku Braunschweig ndi ndalama zanga zomwe zinalowa m'madzi

Mayi wina wokhala ku Leeds wandilembera imelo. Akuti mu alubamu yomwe anagula pamsika wa zinthu zakale apezamo sitampa ya hatchi yodumpha, yolembedwa kuti Braunschweig, ndiye akufunsa ngati alemera.

Mayi, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinayamba ndi masitampa athu a mbalame aja, kunyika maenvulopu a bambo m'beseni mpaka sitampa itamatuka, n'kuiyanika panyuzipepala. Tsiku lina ndinanyika kalata yomwe bambo anali asanawerenge. Zomwe zinatsatira sindinena pano. Koma matendawa sanandichoke, ndipo nditakula n'kuyamba kugwira kangachepe, ndinakumana ndi kahatchi komweko pa intaneti.

Ndinali nditawerengako ndithu. Braunschweig kanali kadziko kakang'ono m'Germany wakale, kolamulidwa ndi Duke Wilhelm, kokhala ndi positi yakeyake. Masitampa oyamba anatuluka pa 1 Januwale 1852, atatu okha, a 1, 2 ndi 3 silbergroschen (ndalama za kumeneko nthawiyo), opanda mano m'mbali, ochita kudula ndi sizasi. Pofika 1868 positi yawo inamezedwa ndi ya mgwirizano wa maiko a kumpoto kwa Germany. Zaka 16 zokha basi! Ndinadziuza kuti chinthu chotere sichingakhale chambiri, ndipo ndinatumiza ndalama zomwe akunyumba ankadziwa kuti n'zamalata.

Itafika ndinapita nayo kwa mdala wina wodziwa masitampa. Sanayankhule. Anangoikweza kuwindo. Yanga inali ya mtundu womwe unayamba mu 1853, inki yakuda papepala lamtundu, ndipo imeneyo imayenera kukhala ndi chizindikiro cha lipenga la positi chobisika m'pepalamo. Munalibe kanthu. Mdalayo anati mwina ndi ya kwa Spiro, anthu a ku Hamburg omwe ankasindikiza masitampa abodza ambirimbiri cha m'ma 1860. Chikomekome cha mkuyu. Chomwe chinandiwawa kwambiri n'choti sitampayo inalidi yakale, yakale kuposa agogo anga, koma yabodzabe.

Ndipo apa ndinene mosapsatira: ukale si mtengo. Anthu anasokonezeka mitu ndi nkhani ya ku Baden, kadziko kenanso ka m'Germany wakale, sitampa ya 9 kreuzer ya 1851 yomwe inasindikizidwa molakwika papepala lobiriwira m'malo mwa lapinki, n'kudzagulidwa ndalama zoposa 1 miliyoni yuro mu 2019. Zoterozo n'zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo sizigona m'katoni pamsika. Ogulitsa amene amalemba kuti "yosowa" pa chilichonse cha Chijeremani ndi akuba, sindiwanyengerera. Masitampa ena a Braunschweig a 1865 osadindidwa ndi otchipa, chifukwa otsala anagulitsidwa mwaunyinji positi itatsekedwa. Odindidwa ndiwo odula, ndiye akathyali amangodindapo chidindo chabodza.

Komabe kadzikoka ndimakakonda. Mu 1857 anatulutsa sitampa yoti munthu ankatha kuidula panayi, n'kumata kachidutswa kolingana ndi mtengo wa kalata yake. Zimandikumbutsa mafuta ophikira oyeza m'timapepala paokala. Kuwerengera khobidi sikunayambe ndi ife.

Nanga inu mutani?

Musainyike m'madzi, ndipo ngati ili paenvulopu musaimatule, chifukwa envulopuyo ingakhale yodula kuposa sitampa. Yang'anani lipenga lija pakuwala, ngakhale za 1852 ndi za 1865 zilibe. Ifananizeni ndi zithunzi za m'katalogi ya masitampa yotchedwa Michel. Ikaonekabe yeniyeni, itumizeni kwa akatswiri oyesa masitampa a bungwe la BPP ku Germany, koma funsani kaye mtengo woyesera, ungapose wa sitampayo.

Yanga ija ikadali mu alubamu, tsamba loyamba. Malata tinadzagula chaka chinacho.