Makolo a Akirant amakhala pa mafuwa

Achimwene, mwafunsa ngati Akirant a kum'mawa kwa Nepal ali ndi kachisi wopembedzerako makolo. Kwa a Rai, gulu limodzi la Akirant, malo opatulika kwenikweni ali m'nyumba momwemo: mafuwa atatu a pamoto, otchedwa suptulung. Amati mizimu ya makolo imakhala pamenepo, choncho mlendo safikapo mwachisawawa. Pa mwambo amathirapo mowa wa mawere kuchokera m'chipanda, n'kupereka jinja, nthawi zina ndi nkhuku yomwe.

Wotsogolera, nakchhong, amalakatula Mundhum pamtima, mawu akale ofotokoza chiyambi cha dziko ndi ulendo wa makolo awo. Ine mbali imeneyi ndiyo imandigometsa. A Limbu, gulu lina la Akirant, wotsogolera wawo amamutcha phedangma. Gule wa a Rai wotchedwa Sakela amavinidwa kawiri pachaka, nthawi yodzala ndi yokolola.