IU ndi woyimba kapena wa mafilimu?

Achemwali, mwafunsa ngati mtsikana amene mwamuona mu When Life Gives You Tangerines pa Netflix ndi IU woyimba uja. Eya, ndi yemweyo. Dzina lake lenileni ndi Lee Ji-eun, ndi wa ku South Korea, anabadwa mu 1993, ndipo anayamba ndi nyimbo, zisudzo zinabwera pambuyo.

Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 2008 ali ndi zaka 15, koma sichinayende malonda. Zinthu zinasintha mu 2010 ndi nyimbo ya Good Day, momwe amakweza mawu katatu motsatizana chakumapeto. Chimene ine ndimamulemekezera nchakuti atakula anayamba kulemba yekha mawu a nyimbo zake zambiri. Mu 2022 anadzaza Olympic Stadium ya ku Seoul, ndipo anali woyimba wamkazi woyamba wa ku Korea kuchititsa konsati yakeyake pabwaloli.

Ku zisudzo analowa mu 2011 ndi Dream High, koma poti mwakonda When Life Gives You Tangerines, musachedwe, funani My Mister ya 2018. Mmenemo ndi mtsikana wosauka, womira m'ngongole, wosamalira agogo ake osamva. Sayankhula zambiri, samwetulira, koma maso ake okha amakuuza mavuto onse amene wasenza. Kwa ine, apa mpamene anthu anasiya kumuona ngati woyimba wongoyesako zisudzo. Ndi sewero lolemera pamtima, loyenda pang'onopang'ono, choncho mulipirire magawo oyambirira.

Mukamaliza, onerani Broker, filimu yomwe IU alimonso, yotsogoleredwa ndi Hirokazu Kore-eda, yomwe inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2022.